Rauta Yotchipa ya Bambo a Sungeni

Ndinalota ndikupita ku Limbe kukagula rauta, kabokosi kaja kokoka intaneti m'mwamba n'kuigawa m'nyumba. Linali Lamulungu masana, jekete la kutchalitchi ndisanavule. M'minibasi munali modzaza, koma pamipando panali zipewa ndi zikwama zokhazokha, eni ake atatsika kalekale. Kondakitala anandifunsa kumene ndikupita ine nditatsika kale, ndipo yankho langa linatuluka pakamwa galimotoyo itabwerera ku Bangwe. Sindinadabwe nazo. Masiku amenewo zanga zonse zinkafika mochedwa.

Rautayo ndinkaifunira Sungeni, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene amaluka anthu tsitsi ku Kepitauni. Atabwera kumaliro a mayi ake anandisiyira makina a gemu ya mpira, akale koma amoyo, n'kuwalumikiza ku kanema wa pabalaza. Chiyambire, Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka timasewera pa intaneti, iye ali uko, ine ndili pampando wanga, aliyense atavala zomverera m'makutu. Pafoni ine ndi mwanayu sititha kucheza. Timapatsana moni, timafunsana za mvula, kenako timangomverana kupuma mpaka mayunitsi atatichitira chifundo n'kutha. Koma mpira ukakhala pakati pathu, pakamwa pamatseguka pokha. Iye amanditcha nkhalamba yopanda mapapo, ine ndimamuuza kuti goloboyi wake ndi dengu lobooka, ndipo m'kati mwa kunyozanako ndi mmene ndimamvera kuti anadwala chimfine, kuti wasamuka nyumba, kuti mnyamata uja wa ku Zomba anasiyana naye.

Tsono wosewera wanga pa kanemapo anali ndi matenda oima. Ndikadina batani kuti athamange, iye ankayamba waganiza kaye. Ine amene ndinasewerapo kumbuyo m'timu ya fakitale ya matumba, anyamata n'kumandiopa, ndinasanduka munthu woima chilili pakati pa bwalo, mwendo umodzi uli m'mwamba, mpira utadutsa kalekale. Mawu a Sungeni nawonso ankafika odukaduka, mutu ulipo mchira palibe. Lamulungu lapitalo anandiuza mosazungulira.

"Adadi, ndatopa kusewera ndi chipilala. Gulani rauta ina, ngakhale yotchipa. Mukaimanso sabata yamawa tingosiya, tizingoimbirana foni."

Mawu amenewa okha ndi amene anafika athunthu, osaduka pena paliponse. Ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti tikasiya mpira, nditsala ndi mwana wa moni ndi mvula basi.

Mu Limbe munalibe anthu. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anali atasiya malonda awo ali poyera, ndipo mawu awo oitanira makasitomala ankayendabe okha m'makhonde, kufunafuna wowamva. Sitoloyo ndinaipeza pakati pa yogulitsa nsalu ndi yogulitsa matayala a njinga, pamalo pamene ndimadziwa bwino kuti pamakhala khoma lokha. Chitseko chake chinali chagalasi, chachifupi, choti munthu awerame polowa.

Nditalowa ndinaponda m'madzi. Pansi ponse panali mtsinje wofika mu akakolo, woyera, wopanda phokoso. Unkachokera kuseri kwa kauntala n'kumatulukira kumbuyo, kumene kunalibe khoma, ndipo ukangotuluka unkatambasuka kwambiri moti tsidya lake linkaoneka patali zedi. Kutsidyako kunali bwalo la mpira lobiriwira bwino. Pakati pake panaima Sungeni, mpira uli m'khwapa, atayang'ana kuno.

Marauta anali m'mashelefu okwera mpaka kubowola denga. Apamwamba anali onenepa, a nyanga zambiri zokokera intaneti, ndipo mtambo unkawadutsa. Kutsika m'munsi ankachepa thupi, nyanga n'kumachepanso, mpaka shelefu yomaliza imene inali pansi pa madzi. Onse ankaphethira tinyali tawo tobiriwira, ndipo nditalowa anasiya zimene ankakambirana.

Wogulitsa anali Nangondo, mkazi wanga, amene tinamuika kwawo ku Chiradzulu mvula ya chaka chatha isanayambe. Anavala juzi yake yofiirira ija ndipo ankaluka, ulusi ukuchokera m'madzi. Thupi lake linali lakale, matenda asanamudye. Mtima wanga unathamangira kwa iye, koma miyendo inakhala pomwepo.

"Takulandirani, akasitomala," anatero osakweza maso.

"Zikomo, mayi," ndinayankha, chifukwa ndinaona kuti ali pantchito. "Ndikufuna rauta ya mpira, yosaimitsa munthu. Koma thumba langa ndi la penshoni."

"Pano katundu sabwezedwa. Muyese kaye."

Kuyesa kwake kunali kotere. Umanyamula rauta, n'kuima pamene sitolo ikuthera, n'kuitana munthu wako kutsidya. Ukatero mawu ako umawaona ndi maso akuwoloka, ndipo umadziwa wekha ngati katunduyo ndi wabwino.

Nangondo anakoka ulusi wake, ndipo rauta yakuda inatsika kuchokera kumtambo kuja, nyanga zili mbali zonse ngati nkhanu yogona chagada. Ndinaisilira, ndisaname. Ndinati chinthu cha nyanga zochuluka chotere sichingalephere kugunda ku Kepitauni. Inakhala pakauntala n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato zonyowa mpaka kukolala ya jekete.

"Ine ndimatumikira nyumba za mipanda," inatero, "za zipinda zambiri, mmene ana amalimbirana intaneti, uyu mafilimu, uyu nyimbo, uyu sukulu. Ntchito yanga ndi kuweruza woyamba kudutsa. Kwanu muli anthu angati, bambo?"

"Ndili ndekha."

"Mafoni angati?"

"Imodzi. Ina ili m'dirowa, mwini wake kulibe."

"Nanga oyandikana nawo nyumba, sabwera kudzapempha pasiwedi?"

"Anasiya. Amati intaneti yanga ndi yaulesi."

Rautayo inapinda mwaulemu nyanga zake imodziimodzi mpaka inatsala mpulumpulu.

"Pepani, bambo. Nyanga zangazi zizikaloza ndani? Mungangotaya penshoni yanu."

Inakwera yokha kubwerera kumtambo. Ndinachita manyazi ngati munthu wokanidwa ndi mkazi amene sanamufunsire n'komwe. Nangondo sanaseke, koma ndinaona phewa lake likugwedezeka pang'ono.

Yachiwiri inali yaing'ono ngati sopo wosambira, yopanda nyanga, ndipo inadumphira yokha m'manja mwanga ndisanaipemphe. Inali yolongolola.

"Ndili ndi batire langalanga, bambo. Magetsi akazima ine sindizima. Mukhoza kupita nane kumsika, kuukwati, kumudzi, kulikonse."

"Ine sindipita kulikonse," ndinatero. "Simukhadi umadya iliyonse?"

"Ya kampani imodzi yokha. Ndinalumbira."

"Mwana wanga anati ndifunse za pobaya chingwe. Uli napo?"

"Chingwe n'cha mbuzi, bambo. Ine ndimayendera mphepo."

Ndinapita nako karautako pamene sitolo ikuthera, n'kuitana ndi mphamvu zanga zonse: "Sungeni!" Dzinalo linatuluka bwinobwino, linayenda pamwamba pa madzi, koma litafika pakati pa mtsinje linakhala pamwala n'kuyamba kupuma. Ndinaliyang'ana, nalonso linandiyang'ana. Litanyamuka linasiya theka lake pamwalapo, ndipo chimene chinafika kutsidya chinali kaphokoso chabe. Sungeni anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kuona ngati akuitana wina. Karautako kanali katatentha m'manja mwanga, thukuta lili kamukamu.

"Ndipume kaye," kanatero. "Mpira ndi ntchito yolemetsa. Ine ndinazolowera moni ndi zithunzi."

Ndinakabweza pakauntala. Kutsidya Sungeni anagunditsa mpira pansi n'kuyang'ana dzuwa. Dzuwalo linali litayamba kupendeka, ndipo madzi m'sitolomo anali atafika m'mawondo.

Yachitatu inali yoyera, ya nyanga ziwiri, yodekha ngati mlembi wa mpingo. Iyi ndinaikonda. Inkadya simukhadi iliyonse, kumbuyo inali ndi pobaya chingwe, ndipo mtengo wake, inatero yokha, unali woti wapenshoni alire pang'ono koma osakomoka. Inandifotokozera kuti ili ndi njira ziwiri zotumizira intaneti m'nyumba. Ina ndi yotakata, yodutsa makoma, koma yodzaza ndi anthu a m'dera lonse. Inayo ndi yopapatiza, yachangu, koma yosafuna chotchinga chilichonse. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkazidziwa kale, dzanja litalowa m'thumba.

"Funso langa ndi limodzi," inatero. "Mukandiika pati?"

"M'kabati," ndinayankha monyada, "mmene mumakhala zinthu zabwino."

Marauta onse m'sitolomo anazimitsa nyali zawo.

Kabati imeneyi ili pabalaza pathu, pakona ya m'kati, kutali ndi windo kuti dzuwa lisaononge vanishi. Ndi ya matabwa a mbawa, yolemera, ya zitseko zagalasi. Mmenemo Nangondo ankasungamo makapu a alendo, mbale za maluwa, mathireyi achitsulo ndi fulasiki ya paukwati wathu. Kwathu chinthu chamtengo sichikhala maliseche. Wailesi ili ndi kansalu kake koluka, kanema ali ndi kake, ngakhale simbi yositira ili ndi kake. Tsono rauta yathu itafika, imene tinagula kuti tizionana ndi Sungeni pafoni, Nangondo anailukira kansalu koyera ka m'mphepete mofiira, anaivindikira bwinobwino mpaka kunyanga, n'kuiika kuseri kwa mathireyi, chingwe cha magetsi chikutulukira pakabowo ka kumbuyo. Anakiya, kuopa fumbi ndi manja a ana a alendo. Intaneti ikamavuta tinkanena phiri la Bangwe, tinkanena mitambo. Kansalu kameneko ndi komaliza kamene analuka, ndipo chimwalirireni iye kabatiyo sindinaitsegulepo. Ndimapukuta galasi kunja kokha.

"Ndiye musandigule, bambo," inatero yoyera ija. "Mukandigula mudzabweranso kudzafuna ina, kenako inanso, mpaka penshoni itatha, ndipo mudzaimabe."

Ndinapsa mtima. Chinayamba liti kuti kabokosi kaziphunzitsa munthu wamkulu kakonzedwe ka m'nyumba mwake? Ndinamenya kauntala ndi chikhatho, koma phokoso lake linamveka patapita nthawi, mkwiyo utandithera kale, ndipo linangondidzidzimutsa ndekha.

"Mayi," ndinatero, "ndipatseni yotchipa kuposa zonse. Yopanda mafunso."

Nangondo analoza ndi singano yake yolukira kushelefu ya pansi pa madzi.

Ndinagwada. Madzi anandifika pachifuwa, ozizira, ndipo ndinapisa dzanja mpaka paphewa. Shelefuyo inali yaitali ndipo munalibe kanthu, mpaka kukona kwenikweni kumene zala zanga zinakhudza ulusi. Ndinatulutsa kanthu kovindikiridwa ndi kansalu koyera ka m'mphepete mofiira. Kansaluko kanali kouma ndiponso kofunda.

"Mtengo wake?" ndinafunsa.

"Munalipira kale," anatero Nangondo.

Pansi pa kansaluko panamveka mawu otsamwa, ngati a munthu wolankhula atafunda bulangete kumutu.

"Moni, bambo a Sungeni. Ndine wa kwanu komwe. Mutu ukundiwawa ndi kutentha. Ndakhala ndikukuwa kuyambira tsiku limene munanditsekera. Sindine wamphamvu ayi, ndine wa anthu wamba, koma nyumba ya munthu mmodzi ndi mpira umodzi ndingathe. Mawu a mwana wanu amanyamuka pa nthawi yake. Amadutsa mayiko onsewo osapunthwa, koma akafika pabalaza panu amagunda thabwa, amagunda mathireyi, amakodwa mu ulusi. Opulumukawo ndi amene mumamva."

"Nanga ogwawo amapita kuti?"

"Yang'anani m'makapu."

Pamenepo ndinaona kuti mashelefu a sitoloyo ndi mashelefu a kabati yathu, ndipo ine ndaima m'kati mwake. Marauta aja anali atapita. M'malo mwawo munali makapu a alendo, pamzere wawo wa nthawi zonse, zogwirira zitaloza mbali imodzi mmene Nangondo ankafunira, ndipo onse anali odzaza mpaka m'milomo. Ndinanyamula kapu imodzi n'kuiika kukhutu. Munali mawu a Sungeni, tizidutswa tija timene tinkasowa Lamulungu lililonse.

"Koma mukudya, adadi?" inatero kapu yoyamba.

Ndinaibweza, ndinatenga ina.

"Ndinawalota amayi akundiluka tsitsi, amakoka ngati kale."

Ndinatenga yachitatu, ya mng'alu pachogwirira, imene tinkaibisa kumbuyo kuti alendo asaione.

"Kuno kukuzizira, adadi. Ndikaweruka ndilibe wolankhula naye."

Makapu otsalawo ndinawamvetsera onse, mzere wonse mpaka kufulasiki, ndipo onse anali ndi funso limodzi: "Mwandimva? Adadi, mwandimva?" Nthawi zonsezo mwana akunena zimenezi ine ndinkamva kaphokoso chabe, n'kumakuwa kuti woyimbira wandimana penate. Ndinalira. Pa zinthu zonse za tsiku limenelo, misozi yokha ndi imene sinachedwe.

Kudzera pagalasi ndinaona pabalaza pathu. Pampando panakhala mwamuna wa jekete la kutchalitchi, chogwirira gemu chili pamiyendo, mutu utapendekera kumbali. Mipando ina yonse inali ndi tinsalu take pamsana, yopanda munthu. Patebulo panali kapu imodzi yapulasitiki ndi supuni imodzi. Ndinamumvera chisoni mkuluyo, ndinadabwanso kuti nyumba yaing'ono chotere ingamukulire munthu chomwecho.

Nangondo anaika pansi zoluka zake. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

"Bambo a Sungeni."

"Ndili pano, Nangondo."

"Mumve bwino, chifukwa sindibwereza. Muichotse kansalu. Muitulutse m'kabati, muiike pawindo loyang'ana kunsanja ya mafoni ija ya pachitunda. M'katoni yake, pansi pa mbale za maluwa, muli chingwe chachikasu chimene sitinadziwe ntchito yake. Mbali ina mubaye kumbuyo kwa rauta, inayo kumakina a mwanayo. Mphepo isiyireni foni. Mpira umafuna chingwe."

"Koma munavindikira ndinu," ndinatero.

"Ndinavindikira kuopa fumbi. Sindinati muvindikire mwana."

"Nangondo, m'nyumba muja zonse zinasuntha. Zovala zanu anagawana abale anu. Mapoto anabwereka osabweza. Maluwa a pakhonde ndinawathirira mpaka ndinawapha. Chatsala mmene dzanja lanu linachisiyira ndi kabati yokhayo. Ndikatsegula, inu mutsala pati?"

Anatolanso singano yake n'kufunafuna pamene analekezera.

"Fumbi muzipukuta Loweruka," anatero. "Ndi nsalu youma, osati yonyowa. Ndimakudziwani."

"Tiyeni tipitire limodzi, mukandionetse windolo."

"Sitolo ilibe woitsalira."

Kutsidya wezulo inalira. Sungeni anaika mpira pansi, anayang'ananso kuno kamodzi, kenako anakweza manja kuti avule zomverera m'makutu. Sanachite mokwiya. Anachita mmene amachitira munthu amene wadikira mokwanira.

Ndinafuna kuthamanga. Ndinatukula mwendo, ndipo ndinaima. Ndinaima ndithu ngati wosewera wanga uja, mwendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa, rauta ili pachifuwa, madzi akufika m'khosi. Ndinauza dzanja langa lamanja kuti lichotse kansalu, koma dzanjalo linayamba laganiza kaye. Linaganiza za mmene Nangondo ankagwedezera milomo poluka, za tsiku limene anayesa kansaluko parauta n'kumasula mzere wonse chifukwa nyanga ina inatulukira, za mmene anandifunsira ngati m'mphepete mukhale mofiira kapena mobiriwira, ine n'kuyankha kuti zonse ndi zabwino. Ndinalidikira dzanjalo, koma silinafulumire. Sungeni anachotsa chomverera cha khutu limodzi.

Chitseko chagalasi chinali patsogolo panga. M'kati munalibe chogwirira. Loko inali kunja, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kuitsegula anali uja wa pampando.

"Bambo inu," ndinamuitana mwaulemu, "dzukani, mwana akupita."

Mawuwo anagunda galasi n'kugwera m'kapu ya mng'alu ija. Koma kapuyo inali yodzaza kale. Inasefukira, inapendama, inagunda inzake, ndipo inzakeyo inagunda yotsatira, mpaka mzere wonse unalira. Mwamuna wa pampando uja anatembenuza mutu.

Ngati ndinadzuka, ndinadzuka pamenepo, pampando, jekete lili m'thupi, khosi likuwawa. Dzuwa linali litafika pakalendala ya pakhoma, pamene limafika Sungeni akatsala pang'ono kulowa m'gemu. Kiyi anali m'chitini cha mabatani mmene Nangondo ankamusunga. Loko inakana kaye, kenako inalola.

M'kabatimo munatuluka fungo la masamba a tiyi ndi la mafuta ake odzola. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Kenako ndinasuntha mathireyi. Kansaluko kanali kofunda ngati munthu wangokasiya kumene. Ndikudziwa kuti ndi rauta imene imatenthetsa, sindine mwana, koma ndinakagwirizabe patsaya. Ndinanyamulanso kapu ya mng'alu ija n'kuiika kukhutu, ngati chitsiru, ndipo munalibe kanthu. Chingwe chachikasu chinali m'katoni, pansi pa mbale za maluwa, chikadali chomangidwa ndi kawaya kake.

Ndinaika rautayo pawindo, nyanga zake ziwiri zili poyera, zowonda, zooneka zamanyazi. Ndinabaya chingwe uku ndi uku. Tinyali tinayaka kamodzikamodzi mpaka tonse tinabiriwira. Ndinakhala pansi n'kuvala zomverera.

"Adadi, mwakonzeka kuthiridwa zigoli?"

Mawuwo anafika athunthu, apafupi kwambiri moti ndinacheuka kuyang'ana pampando wa pambali panga. Wezulo inalira. Ndinadina batani, ndipo wosewera wanga anathamanga nthawi yomweyo, osaganiza. Ndinalanda mpira, ndinadutsa mmodzi, ndinadutsa wina, mpaka ndinakafika pakona ya kwa Sungeni, kumene ndinasowa chochita nawo chifukwa chiyambire ndinali ndisanafikeko.

"Eee, nkhalamba ikuthamanga!" anakuwa. "Mwagula yanji? Ya nyanga zingati?"

"Sindinagule, mwana wanga. Ndatsegula kabati ya amayi ako."

Osewera a Sungeni onse anaima chilili pamene anali. Ndinayang'ana pawindo, ndipo tinyali tonse tinali tobiriwira. Kuima kumeneko sikunali kwa intaneti. Ndinkamva kupuma kwake, ndinkamvanso galimoto ikudutsa panja pa nyumba yake ku Kepitauni.

"Kansalu kaja kali kuti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Kali pabondo langa."

Mpira unali pakona, goloboyi wake ataima kutali, pagolo pali pululu. Palibe amene anaukhudza. Ndinaika chogwirira gemu patebulo, pambali pa kapu yanga yapulasitiki.

"Ndikudya, koma osati kwambiri," ndinatero. "Ndipo ndikukumva. Yambira pa kuzizira paja."